Matramu a ku Milan omwe akana kupuma pantchito

Tramu ndi sitima yaing'ono yamagetsi yoyenda panjanji zoyalidwa mumsewu, limodzi ndi magalimoto. Mizinda yambiri inaika matramu ake akale m'nyumba zosungira zamakedzana, koma ku Milan, m'dziko la Italy, oposa 100 akunyamulabe anthu tsiku ndi tsiku. Eni mzinda amawatchula Ventotto. Awiri oyesera anatuluka mu 1927, ena 500 anatsatira pofika 1930, ndipo onse 502 anapatsidwa manambala kuyambira 1501 mpaka 2002.

Nzeru ya kapangidwe kake inachokera kwa Peter Witt, yemwe anali mkulu woyang'anira za matramu mumzinda wa Cleveland, ku America. Iye anaona kuti tramu imataya nthawi pasiteji kondakitala akamatolera ndalama pakhomo, monga ichedwera minibasi wina akamafunafuna chenji. Anati okwera azilowera khomo lakutsogolo, kondakitala azikhala pakati, munthu azilipira pomudutsa n'kutsikira khomo lapakati. A ku Milan anadzawonjezera khomo lachitatu kumbuyo.

Kwa ife okonza makina, chokoma chili kunsi. Thupi lake, lotalika pafupifupi mamita 14, limakhala pa tingolo tiwiri ta magudumu anayianayi, ndipo kangolo kalikonse kamatembenuka pakokha. N'chifukwa chake chinthu chachitali chonchi chimakhota m'misewu yopanikizika ya pakati pa mzinda osaphonya njanji, ngakhale magudumu amalira mokwiyitsa pakona. Mamota ndi anayi, iliyonse ya makilowati 21 okha, ndipo amalandira mavoti 600 kuchokera pa waya wam'mwamba. Mphamvu yonseyo n'njochepa ndithu, koma chitsulo chikamagudubuzika pa chitsulo sichifuna zambiri. Dalaivala amapotoza chogwirira pang'onopang'ono kuti magetsi alowe mwa masitepe; akafulumira, tramu imadzuka mwadzidzidzi oimirira n'kugwerana. Mabuleki ndi a mphepo, ndipo njanji ikamaterera ndi mvula amathirapo mchenga.

Mulibe chida choti mmisiri wodziwa ntchito angalephere kumasula, kuwotcherera kapena kusula china. Ndikuona kuti apa ndi pomwe pagona moyo wake wautali. Mabomba a mu 1943, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anawononga matramu ambiri, koma pafupifupi onse anakonzedwa n'kubwerera pamsewu.

Penti yasintha kangapo: yachikasu, yobiriwira, yalalanje m'ma 1970, kenaka yachikasu ija. Mabenchi ake ndi amatabwa, oyalidwa m'mbali, okwera n'kumayang'anana. Ena mwa matramuwa anagulidwa ndi mzinda wa San Francisco, ku America, komwe amayenda mumsewu wa Market.

Zodandaula zilipo. Pansi pake m'pokwera kwambiri, moti gogo wa ndodo kapena mayi wa mwana amavutika ndi masitepe, ndipo wa panjinga ya olumala sangakwere yekha. Mulibenso makina oziziritsa mpweya. M'chilimwe cha ku Milan okwera amangotsitsa mawindo.