Kugona m'tenti ku Morro Bay State Park: mafunso ndi mayankho

Morro Bay ndi katauni ka asodzi m'mphepete mwa nyanja ya Pacific ku California, pamsewu wa Highway 1, chapakatikati pa Los Angeles ndi San Francisco. Pamenepa nyanja yamchere inalowa m'kati mwa mtunda ngati thumba, ndipo mulu wa mchenga wotalika makilomita oposa 6 umatchinga mafunde aukali kuti asafikemo. Mitsinje iwiri, Chorro Creek ndi Los Osos Creek, imathira madzi ake m'thumba lomweli. M'mbali mwake muli paki ya boma la California yokhala ndi malo oposa 100 okhomapo matenti. Achibale ndi anzathu okhala ku America, ngakhalenso ongopitako kukacheza, amafunsa mafunso omweomwe akamva kuti ndinagonako. Ndawasonkhanitsa pano.

Kodi munthu ungangofika ndi tenti yako n'kukhoma?

Mutha kuyesa mwayi, koma m'miyezi ya June, July ndi August mudzangotentha mafuta pachabe. Malo amasungitsidwa pa intaneti kudzera pa ReserveCalifornia, njira imene boma linayamba kugwiritsa ntchito mu 2017. Lamulo lake n'lakuti tsiku lililonse limatsegulidwa kutatsala miyezi 6, nthawi ya 8 koloko m'mawa ya ku California. Ngati mukufuna kukafika pa 10 July, khalani pa kompyuta pa 10 January. Amene akusungitsa ali ku Lilongwe kapena ku Lusaka, nthawiyo imakhala 6 koloko madzulo m'nyengo yawo yozizira, ndipo imakhala 5 koloko iwo akasuntha mawotchi awo kuyambira mu March mpaka kumayambiriro kwa November.

Tsegulani akaunti tsiku lisanafike, sankhiranitu malo awiri kapena atatu pamapu, khadi la kubanki likhale pambali. Masiku a Lachisanu ndi Loweruka amatha musanamalize n'komwe kapu ya tiyi. Apa mawu a akulu aja akuti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi amagwira ntchito ndithu: wochedwa ndi mphindi zisanu amapeza pali zii.

Ine ndimalangiza pakati pa sabata, mu September kapena October. Ana amakhala atabwerera kusukulu, malo amapezeka mosalimbana, ndipo chifunga chimakhala chitachepa.

Ndili ndi chiphaso cha pachaka cholowera ku Yosemite ndi Grand Canyon. Chigwira ntchito?

Ayi. Chiphaso chimenecho, chotchedwa America the Beautiful, n'cha mapaki a boma lalikulu la ku Washington. Morro Bay ili m'manja mwa California State Parks, nthambi ya boma la California yoyang'anira malo pafupifupi 280. Eni ake ndi osiyana, matumba andalamanso ndi osiyana.

Nanga nditasungitsa malo kenako ulendo n'kulephereka?

Apa ndiye pamene zinthu zinasintha, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Kwa zaka zambiri anthu ankasungitsa malo ambirimbiri mongodzitchinjiriza, tsiku likafika osabwera, osauzanso aliyense. Pa intaneti pankaoneka kuti padzaza, koma ukayenda mumsasa usiku unkapeza malo ali mbee, pomwe mabanja ena abwezedwa pachipata. Mu 2023 bwanamkubwa Gavin Newsom anasainira lamulo lotchedwa AB 618, limene linabwera ndi phungu Rebecca Bauer-Kahan, lofuna kuthetsa khalidwe limeneli.

Mfundo zake ndi izi. Mukanena kuti simubwera kutatsala masiku 7 kapena kuposerapo, ndalama ya malo imabwerera, kupatula kandalama kosungitsira. Mukachedwa n'kunena kutatsala masiku ochepa, ya usiku woyamba yapita. Mukangokhala chete osafika, yonse yapita. Ndipo mukachita zimenezi katatu m'chaka chimodzi, amakutsekerani kusungitsa malo kwa chaka chathunthu. Lamulo lomweli limati m'nyengo imene anthu amachuluka munthu asapitirire masiku 7 otsatizana pamalo amodzi, komanso asapitirire masiku 30 pachaka m'paki imodzi.

Kunena zoona, ine lamuloli ndimaligwirizana nalo. Kusungitsa malo amene sukagonapo kuli ngati kutenga mitanda isanu ya nsima pamaliro n'kudya umodzi, anzako ali pamzere.

Pamalo amodzi pagone anthu angati?

Asapitirire 8, kuwerengera ndi ana omwe. Zoti "tingopanikizana, ndi usiku umodzi wokha" woyang'anira paki sazimva. Mukakhala 12, sungitsani malo awiri oyandikana kapena funsani za malo a gulu. Mtengo wa malo umaphatikizapo galimoto imodzi, yachiwiri imalipiridwa payokha. Kulowa ndi 2 koloko masana, kutuluka ndi 12 koloko masana. Achinyamata osakwana zaka 18 sagona okha popanda kholo kapena kalata ya kholo.

Pamalo alionse mupeza tebulo, pokolezera moto ndi poimika galimoto. Ena ochepa ali ndi magetsi ndi mpopi wa madzi, okonzera magalimoto ogonamo aja, ndipo ndi okwererako mtengo. Zimbudzi n'zamadzi. Bafa la madzi otentha lilipo koma limalipiridwa padera, ndiye khalani ndi ndalama zing'onozing'ono.

Tingaimbe nyimbo ndi kucheza mpaka nthawi yanji?

Kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa pamayenera kukhala bata. Jenereta imaloledwa kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku basi. Ngakhale masana, wailesi yanu isamveke kwa aneba. Kwa ife amene nkhani ikakoma timaseka mpaka kuomba m'manja, lamulo ili ndi limene limatipeza msanga. Tenti ilibe khoma. Nthabwala ya pa tebulo lanu imafika kwa anthu a malo anayi, ndipo mmodzi mwa iwo adzapita kukagogoda kwa woyang'anira msasa.

Nkhuni zili mbwee pansi pa mitengo. Kutola n'kulakwa?

N'kulakwa, ndipo mutha kulipira chindapusa. Mukangotsika galimoto fungo loyamba kukulandirani ndi la bulugamu, mtengo womwe uja wa kwathu, umene kumenekonso unachita kubwera kuchokera ku Australia. Makungwa ndi nthambi zouma zili ponseponse, ndipo dzanja la munthu wokulira kumudzi limangofuna kuwerama lokha. Lekani. M'mapaki a boma la California saloleza kutola nkhuni, ngakhale zogwa zokha, chifukwa zikaola zimabwezera chonde m'nthaka ndipo tizilombo ndi mbalame zimadalira pomwepo.

Kubwera ndi nkhuni zochokera kutali nakonso amakuletsa mwamphamvu. Tizirombo tofukula mitengo, monga kamene kapha mitengo ya oak yambirimbiri chakumwera kwa California, timayenda ulendo wautali titabisala m'mitolo ya nkhuni. Gulani mtolo mumsasa momwemo kapena m'tauni. Moto ukhale pamalo ake okonzedwa, usasiyidwe wokha, ndipo pogona uthireni madzi mpaka phulusa lizizire. Nyengo ikauma kwambiri akhoza kuletseratu moto wa nkhuni, choncho kachitofu ka gasi n'kofunika kukhala nako, nsima isalephereke.

Mukamakoleza, yang'anani zomangidwa ndi miyala zimene zili mumsasamo. Zambiri ndi ntchito ya anyamata a Civilian Conservation Corps, gulu limene pulezidenti Franklin Roosevelt anakhazikitsa mu 1933 kuti achinyamata osowa ntchito apeze chochita pa nthawi ya mavuto a zachuma. Zatha zaka pafupifupi 90, miyala ili chilili.

Kuli zilombo zoopsa?

Mbala zilipo, zamiyendo inayi. Raccoon ndi kanyama kotuwa, kamchira wamizeremizere, kokhala ndi zala ngati za mwana, ndipo kamatsegula chozizitsira zakumwa mosavuta. Chakudya chonse, ndi zinyalala zomwe, zigone zotsekeredwa, osati m'tenti. Kudyetsa nyama kapena mbalame n'koletsedwa.

Tikufuna kupalasa bwato. Pali lamulo lanji?

Pafupi ndi msasa pali kadoko pamene amabwereketsa mabwato ang'onoang'ono a kayak. Jekete yoyandamitsa ikhalepo ya munthu aliyense, ndipo ana osakwana zaka 13 ayenera kuivala nthawi yonse. Koma lamulo lalikulu pamadzi awa silinalembedwe ndi phungu aliyense.

Amene tinazolowera ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear timadziwa nyanja imene ukaisiya madzulo, m'mawa umaipeza pomwepo. Iyi ndi ina. Kawiri pa tsiku madzi amadzaza, kawiri amaphwa, motsatira mwezi, ndipo mbali yaikulu ya thumba la Morro Bay ndi yosaya moti madzi akachoka pamatsala matope okhaokha, ngati dambo lalikulu lakuda lodutsamo timifuleni.

Ine ndinaphunzira mochititsa manyazi. Tinanyamuka ndi mnzanga masana madzi ali tho, kupita ku mchenga wa tsidya lija. Tinakwera mulu, kuona mafunde a Pacific akuswa mbali inayo, kudya buledi wathu, kujambulana. Pobwerera nkhafi inayamba kukhudza pansi. Posakhalitsa bwato linangoti kakaka, lakhala pamatope. Ndinati nditsike ndikoke, mwendo unalowa mpaka m'bondo, potuluka patapata n'kutsalira komweko. Akakowa anatizungulira akudzidyera nkhanu zawo, osatilabadira n'komwe. Tinakhala m'bwatomo maola awiri, mphepo ikutimenya, kudikira kuti madzi atikumbukire.

Ndandanda ya nthawi za madzi imapezeka padoko ndi pa intaneti, ndipo imasintha tsiku ndi tsiku, kuchedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Nyamukani madzi akudzaza, bwererani asanayambe kuphwa kwambiri, ndipo kumbukirani kuti mphepo imakula masana. Kukamwa kwa doko, pafupi ndi chimwala chachikulu chotchedwa Morro Rock, musayandikireko ndi kabwato: ndi amodzi mwa malo odziwika ndi mafunde oopsa m'gombe la California, ndipo n'chifukwa chake asilikali apamadzi a Coast Guard ali ndi malo awo pomwepo.

Akatumbu a m'nyanja amene amapezeka kumeneko tingawayandikire kuti tijambule?

Aonereni patali, mtunda wokwana mabwato asanu kundandalika, kapena kuti mamita 20. Lamulo la Marine Mammal Protection Act la 1972 limaletsa kusokoneza nyama zoyamwitsa za m'nyanja, ndipo kusokoneza sikutanthauza kugwira kokha. Katumbu akadzutsa mutu n'kukuyang'anani, kapena akamira chifukwa cha inu, mwayandikira kale mopitirira.

Chifukwa chake chili m'thupi mwake. Katumbu wa m'nyanja alibe mafuta ochindikala ngati anzake a m'madzi ozizira. Amadalira ubweya ndi kudya, ndipo pa tsiku amadya chakudya cholemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a thupi lake. Mukamuona atagona chagada, mwana ali pamimba, akusunga mphamvu imene waivutikira. Kumudzidzimutsa n'kumulanda chakudya. Nyamazi zinatsala pang'ono kutheratu chifukwa cha malonda a zikopa, mpaka kagulu kochepa kanadziwika kuti kalipo ku Big Sur mu 1938. Lero ku California ziliko pafupifupi 3,000 zokha.

Mbedza tinyamule?

Aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo afunika chiphaso chowedzera cha California, ndipo chilipo cha tsiku limodzi. Powedza uli pa mlatho wa boma wolowa m'nyanja chiphaso sichifunika, koma malamulo a kukula ndi kuchuluka kwa nsomba amakhalapobe. Chenjezo lina: kuyambira mu 2007 thumba la Morro Bay ndi malo otetezedwa. Mbali ina saloleza kutengamo chamoyo chilichonse, mbali ina amaloleza nsomba zokha. Nkhono ndi nkhanu za m'matope zisiyeni. Onani mapu musanaponye.

Chimwala chija tingakwere?

Ayi. Morro Rock, chotalika mamita pafupifupi 176, ndi chotsalira cha phiri lakale lophulika, chimodzi mwa mapiri a mumzere otchedwa Nine Sisters. Kale ankaswapo miyala yomangira zotchinga mafunde, mpaka analeka m'zaka za m'ma 1960. Pano pamaswera akabawi a mtundu wa peregrine, amene anatsala pang'ono kutha ndi mankhwala a DDT asanawaletse mu 1972. Kwa anthu a mitundu ya Salinan ndi Chumash, eni nthaka akale, chimwalachi n'chopatulika. Mutha kufika patsinde pake ndi galimoto. Miyendo ikamayabwa, kwerani Black Hill kuseri kwa msasa. Pamwamba pake mumaona thumba lonse, mchenga uja, ndi michumuni itatu ya fakitale yamagetsi imene inatsekedwa mu 2014.

Galu abwere?

Abwere, koma pachingwe chosapitirira mamita 1.8, ndipo usiku agone m'tenti kapena m'galimoto. Magombe ena apafupi salola agalu chifukwa cha timbalame toikira mazira pamchenga, ndiye werengani zikwangwani.

Popeza ndi ku California, tingotenga zovala zopepuka?

Mudzalira. California wa dzuwa amene mumamuona pa kanema ali kumwera ndi kumtunda. Kuno madzi a m'nyanja amazizira chaka chonse, kawirikawiri osafika madigiri 16, ndipo mu July weniweni chifunga chimalowa madzulo n'kudzachoka dzuwa litakwera. Kumakhala ngati chiperoni cha ku Thyolo, chonyowetsa tenti popanda mvula. Tengani juzi, chipewa cha ubweya, masokosi ogonera ndi chofunda chenicheni. Mukabwera pakati pa November ndi February onjezerani chotchinga mvula, ndipo m'mawa dzuwa likayamba kufunda yang'anani m'mwamba mwa bulugamu: timasamba tofiirira tolendewera m'magulu tija tikayamba kutambasuka, ndi agulugufe a monarch amene amabwera kudzathera nyengo yozizira m'gombe limeneli.