Detroit sinapusitsidwe pa nkhani ya Smoltz

Ndatopa kumva anthu akunena kuti Detroit Tigers, timu ya baseball ya ku America, inapusitsidwa mu 1987. Nthawi zonse nkhani ya matimu a baseball osinthana wosewera mmodzi ndi mnzake ikabuka, pamakhala wina wothamangira kutchula John Smoltz, ngati kuti wavumbula chinsinsi.

Inde, mu Ogasiti chaka chimenecho Detroit inapereka Smoltz, mnyamata wa zaka 20, ku Atlanta Braves, n'kutenga Doyle Alexander, woponya mpira wa zaka 36. Indenso, Smoltz anadzapambana masewero 213 ndipo analowa mu Hall of Fame, m'ndandanda waulemu wa akatswiri a masewerowa, mu 2015. Koma bwanji simunena zimene Alexander anachita? Pa masewero 11 amene anayamba kuponya, anapambana 9 osagonja ngakhale kamodzi, ndipo Detroit inakhala pamwamba pa gulu lake la AL East. Timuyo inkafuna chipambano cha chaka chomwecho, inalipira ndi tsogolo, ndipo katundu amene inagula inamulandira. Walira mvula walira matope. Kumeneko si kuberedwa ayi.

Ine nkhani imene imandiwawabe ndi ya Boston Red Sox. Pa 30 Ogasiti 1990 anapereka Jeff Bagwell ku Houston Astros posinthana ndi Larry Andersen wa zaka 37, woponya wolowa masewero ali mkati. Andersen anaponya bwino ndithu, koma masewero 15 okha. Mu ma playoff, masewero achipulula a kumapeto kwa sizoni, Boston inagonja kwa Oakland masewero anayi otsatizana, kenako mkuluyo n'kumapita ku timu ina. Bagwell anakhala ku Houston zaka 15, anamenya ma home run (kumenya mpira mpaka kutuluka m'bwalo) 449, anakhala MVP, wosewera wopambana onse mu ligi, mu 1994.

Chimandiwawa si manambalawo, ndi maganizo amene anabala chisankhocho. Bagwell ankasewera pa malo otchedwa third base, pomwe ku Boston panali kale katswiri Wade Boggs, ndiye akuluakulu a timuyo anangomuona ngati wotsala. Chaka chimenecho, mu ligi yaing'ono, anamenya ma home run anayi okha, koma batting average yake, muyeso wa kangati amamenya bwino mpira, inali .333, kutanthauza kamodzi pa maulendo atatu alionse. Mnyamata womenya mpira chonchi sumutaya chifukwa malo ake pali munthu, umamusunthira pena. Houston inangomuika pa first base, basi, ndipo mu 1991 anakhala Rookie of the Year, wopambana mwa osewera atsopano mu ligi.

Taonaninso detilo. Kunali kutatsala tsiku limodzi kuti nthawi yolembetsa osewera a ma playoff ithe. Timu imene yachedwa kutseka dzenje limene inaliona kale mu Juni imafika pamsika dzuwa litapendeka, ndipo wogulitsa amadziwa kuti ilibe kolowera. Mtengo amatchula ndi iye.

Ndiye chenjerani ndi akatswiri odzidzoza okha a pa Facebook ndi YouTube, amene amagamula wopambana kusinthanako kusanathe ndi tsiku lomwe. Mu Epulo 1960, Frank Lane, mkulu wa timu ya Cleveland, anapereka Rocky Colavito, amene chaka chapitacho anamenya ma home run 42, n'kutenga Harvey Kuenn wa Detroit, amene anatsogola ligi ndi batting average ya .353. Papepala, ngwazi kusinthana ndi ngwazi. Kuenn anasewera sizoni imodzi yokha ku Cleveland n'kutumizidwa ku San Francisco, pomwe Colavito mu 1961 anamenyera Detroit ma home run 45.