Mwauzidwa kuti muli ndi khansa ya m'mawere: masabata oyamba ndi kumene mungapeze anzanu

Zotsatira za kanyama kamene anakutapani m'bere zikatuluka, adokotala n'kunena kuti ndi khansa, amayi ambiri samvanso china chilichonse chimene chikuyankhulidwa m'chipindamo. Amatuluka pageti la Gulupu (chipatala cha Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre), n'kukwera minibasi ya ku Ndirande kapena ku Bangwe buku la kuchipatala lili m'manja, koma pofika kunyumba sakumbukira ngakhale tsiku limene auzidwa kuti abwerenso. Umu ndi mmene mantha amachitira, ndipo palibe chochititsa manyazi. Pa ulendo wotsatira pitani ndi munthu amene mumamukhulupirira, kaya ndi mchemwali wanu, amuna anu kapena mwana wanu wamkulu, kuti iye azimvetsera ndi kulemba pamene inu mukufunsa.

Funsani kuti khansayo ili pa siteji iti, kutanthauza mmene yakulira kapena kufalikira, pakuti masiteji amayambira pa 1 kufika pa 4; funsani ngati yafika m'khwapa, komanso ngati chiyambe ndi opaleshoni kapena mankhwala a m'diripi amene ambiri amangowatchula kuti kemo. Mayankho amasiyana mayi ndi mayi. Ena amayamba ndi kemo kuti chotupa chichepe, kenako opaleshoni. Ena amayamba ndi opaleshoni. Ena amawonjezeredwa mapiritsi monga tamoxifen, amene amamwedwa tsiku lililonse kwa zaka 5 kapena kupitirira apo.

Khansa ya m'mawere si yopatsirana. Mukhoza kudyera mbale imodzi ndi ana anu komanso kugona chipinda chimodzi ndi amuna anu. Siyamba chifukwa chosunga ndalama kapena foni pachifuwa, ndipo si chilango kapena kulodzedwa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni padziko lonse anapezeka nayo, ndipo abambo ena owerengeka nawonso amadwala matendawa.

Choopsa chachikulu m'masabata oyambawa n'kusiya kubwera kuchipatala. Mayi akamva kuti bere lichotsedwa, amabwerera kumudzi kukayesa zitsamba kapena kukagona kumapemphero, n'kudzaonekeranso patapita miyezi yambiri chotupa chitaphulika n'kukhala chilonda. Kupemphera sikuletsedwa, ndipo ambiri kumawalimbitsa mtima, koma kuyende limodzi ndi masiku a kuchipatala. Khansa imeneyi ikagwiridwa msanga n'kulandira chithandizo chonse mpaka kumapeto, amayi ambiri amachira n'kubwerera kuntchito ndi kumabizinesi awo. Mankhwala azitsamba ena amasokoneza kemo, choncho musabise kwa adokotala chilichonse chimene mukumwa. Ngati muli pa ma ARV, musasiye.

Pali mafunso ena amene ndi ovuta kufunsa adokotala pamene kunja kuli mzere wautali. Kodi ndidzavala bwanji bulauzi bere limodzi litachoka? Kodi ndiwauza chiyani ana tsitsi likayamba kutsalira pachipeso? Kodi amuna anga adzandionanso ngati mkazi? Amene amayankha bwino zimenezi ndi mayi mnzanu amene anadutsamo kale. Iye ndi amene angakuuzeni kuti anameta yekha tsitsi lisanayambe kuthothoka n'kugula maduku awiri okongola ku Limbe, kuti tsitsilo linameranso kemo itatha, kuti masiku oyamba pambuyo pa diripi phala lamadzimadzi linkalowa pamene fungo la nsomba yokazinga linkamuchititsa nseru. Kungomuona akuyenda, akuseka, atanyamula chikwama chake, kumachita zimene mawu a wina aliyense sangachite.

Anzanu oterewa simuwafunira kutali. Kemo kawirikawiri imaperekedwa pakapita masabata atatu aliwonse, kotero nkhope zimene mwaziona pabenchi lero mudzazionanso. Yambani ndi moni, ndipo mukamasukirana patsanani manambala a foni. Afunseninso anamwino a kumene mukulandirira chithandizo ngati akudziwa gulu la amayi amene anadwalapo matendawa, kapena mayi mmodzi amene angavomere kucheza nanu. Ku Queen Elizabeth Central Hospital kulinso kiliniki ya Tiyanjane, imene imathandiza kuchepetsa ululu ndi kupereka uphungu kwa odwala ndi owasamalira. Kutumizidwa kumeneko sikutanthauza kuti madokotala akutayani. M'mwezi wa Okutobala, umene ndi wokumbutsana za khansa ya m'mawere, mabungwe amachititsa misonkhano ndi maulendo a ndawala, ndipo kumeneko mumapezeka amayi amene anachira.

Komabe mnzanu si dokotala. Thupi lake ndi khansa yake n'zosiyana ndi zanu, choncho musabwerekane mapiritsi kapena kusintha tsiku la diripi chifukwa iye anatero. Pa magulu a WhatsApp chenjerani ndi ogulitsa timabotolo todula timene amati timasungunula chotupa. Ngati nkhani za pagulu zikukuwonjezerani mantha, mukhoza kutulukapo n'kutsala ndi munthu mmodzi yekha.

Za amene muwauze, mwini wake ndinu. Simukukakamizidwa kulengeza ku Mvano, ku Dorika kapena kubanki m'khonde, koma anthu awiri kapena atatu ayenera kudziwa, chifukwa padzafunika wokuperekezani, wotunga madzi, wophikira ana ndi wothandiza ndalama yoyendera. Munthu akati “tikuthandizeni chiyani, mayi?”, mutchulireni ntchito yeniyeni ndi tsiku lake. Ana auzeni zoona m'mawu a msinkhu wawo, pakuti akangomva manong'onong'o amaganiza zoopsa kuposa zenizeni.

Kulira, kukwiya ndi kusowa tulo n'zachibadwa pa nthawi ngati iyi, koma zikapitirira masabata awiri mpaka kulephera kudya kapena kudzuka, kapena mukayamba kuganiza zodzipha, uzani achipatala mwamsanga. Mukayamba kemo, kutentha thupi kofika madigiri 38, kunjenjemera, kusanza kosalekeza kapena kutuluka magazi kumafuna kuti mupite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, osadikira tsiku limene munalemberedwa. Pambuyo pa opaleshoni, mkono wa mbali imeneyo ukayamba kutupa kapena kulemera, kauonetseni, ndipo buku lanu la kuchipatala lizikhala m'chikwama nthawi zonse.