Ndere zoterera za m'zithaphwi ndi chibale chake

Mvula ikatha ndipo madzi a mu mtsinje wa Mukuvisi akayamba kudekha m'zithaphwi, pamwamba pake pamayandama ndere zobiriwira zomwe munthu ukazitola zimaterera ngati therere n'kupulumuka m'manja. Ambiri kuno ku Harare amangoziona ngati uve, koma kawirikawiri ndere zotere zimakhala za mtundu wa Spirogyra, dzina limene katswiri wa zomera wa ku Germany, Heinrich Friedrich Link, anapereka mu 1820.

Kaulusi kamodzi, kopyapyala ngati tsitsi, kakaikidwa pa maikulosikopu kamaoneka kuti ndi maselo olumikizana mumzere umodzi popanda nthambi. M'selo lililonse muli lamba wobiriwira, chloroplast, amene amazungulira m'mbali mwa selolo monga momwe nyemba zimayangira paphesi la chimanga, ndipo ndi mmenemo momwe ndere zimapangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa n'kusunga sitachi. Masana okosijeni wotuluka pa ntchitoyi amakodwa pakati pa ulusi ngati tithovu, n'chifukwa chake mtolo wonse umakwera pamwamba dzuwa likatentha.

Kaberekedwe kake ndiko kamandichititsa chidwi kwambiri. Tiulusi tiwiri timagona moyandikana, maselo oyang'anizana amatulutsa timachubu tomwe timakumana pakati, moti zonse pamodzi zimaoneka ngati makwerero. Zam'kati mwa selo limodzi zimasamukira m'linzake n'kupanga kanjere ka chikopa cholimba, zygospore, kamene kamapirira m'matope ouma kufikira madzi atabweranso. Mitundu ya Spirogyra ndi yoposa 400, koma popanda kuona kanjereka ngakhale katswiri amavutika kutchula kuti wagwira mtundu uti.

Kwa nthawi yaitali akatswiri ankaika Spirogyra m'banja la Zygnemataceae pamodzi ndi ndere zina monga Zygnema ndi Mougeotia, ndipo kafukufuku wa DNA wasonyeza kuti gulu lalikulu la banjali, Zygnematophyceae, ndilo lili pachibale chapafupi kwambiri ndi zomera zapamtunda. Choncho ndi kulakwitsa kuisokoneza ndi zobiriwira zija zimaphimba Lake Chivero, nyanja ya pafupi ndi Harare, ngati penti, pakuti zambiri mwa izo ndi mabakiteriya monga Microcystis, amene amatha kutulutsa poizoni. Spirogyra ili pafupi ndi chimanga cha m'munda kuposa mabakiteriyawo, ngakhale nayonso imachulukana mopyola muyeso madzi akalandira feteleza ndi zonyansa za m'masuweji.