Akatseka misika ya ziweto ku Chikwawa ndi Nsanje, kwenikweni akuletsa chani?

A Unduna wa Zaulimi akangolengeza zoti kuno kumunsi kwabukanso matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, mafunso pa WhatsApp amakhala omwewomwewo, nde ndati ndingowayankhira pamodzi.

Matenda ake ndi otani?

Ndi kachilombo ka vayirasi kamene kamagwira nyama za ziboda zogawikana, ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nkhumba. Nkhuku ndi abulu sizikukhudzidwa. Ng'ombe imachucha dovu, imatuluka matuza pa lilime, m'nkhama, pakati pa ziboda ngakhale ku mawere, kenako kutsimphina ndi kusiya kudya. Zikuluzikulu zambiri zimachira pakapita masabata awiri kapena atatu koma zimachira zitaonda, mkaka utachepa, ya pangolo osathanso kukoka, pomwe ana ake amatha kungofa mwadzidzidzi.

Nanga bwanji amangokonda kwathu kuno?

Njati. Njati zimasunga kachilomboka osadwala, nde ife tinayandikana ndi nkhalango yosungira nyama zakutchire ya Lengwe komwe kuli njatizo, ndipo chilimwe chikafika povuta cha mu Okutobala ndi Novembala msipu wonse utauma, ng'ombe zimafika m'mphepete mwa nkhalango kusaka udzu ndi madzi, kenako za midzi yosiyanasiyana nkukakumana pomwera pamodzi ku Shire kapena ku dambo. Imodzi ikatenga basi, khola lonse komanso la aneba.

Choletsedwa nchani?

Kutulutsa kapena kulowetsa ziwetozi m'dera lomwe latsekedwa, kuzigulitsa pamsika, kuzipha, komanso kunyamula nyama yake. Pa malodibuloko ngati pa Thabwa paja amasecha, nyama ikapezeka imalandidwa. Mphamvu zoterezi a zaziweto amazitenga mu lamulo la Control and Diseases of Animals Act, si nkhani ya mlangizi wa ziweto kungokuderani ayi.

Koma zangatu zili bwinobwino, ndiletsedwenso chifukwa chani?

Apa mpamene ambiri timakangana. Chiweto chimatha kukhala ndi kachilombo mpaka masiku 14 chisanaonetse kalikonse, ndipo chimayamba kupatsira zinzake matuza asanatuluke nkomwe. Mbuzi ndi nkhosa nde zovuta kwambiri chifukwa nthawi zambiri sizionetsa bwinobwino, mbuzi ikungodya zake uku ikugawa matenda. Nde mawu oti "yanga ndaiona ndekha ilibe vuto" sathandiza, maso sangaone. Ngakhale nsapato zanu, matayala a njinga, chingwe chomangira, zonsezi zimatha kunyamula kachilombo kuchoka khola lina kupita lina.

Ndikapha ndekha usiku nkutumiza nyama ku Blantyre?

Ndi mlandu, komanso kachilomboka kamatsalira m'mafupa ndipo firiji sikapha, imangokasunga. Zotsalira zikakathera kwa nkhumba za uko mwawapititsira matenda.

Nanga fizi ya ana ndi chimanga tigula ndi chani?

Funso ili ndi lomwe limandiwawa, ndipo sindinama kuti pali yankho lokoma. Kuno mvula ndi yanjomba, chaka china ng'amba chaka china madzi osefukira, chimanga chimapserera m'munda, mapira ndi mchewere nzomwe zimapirirako koma sizifika kutali. Banki yathu ndi khola. Mwana akathamangitsidwa kusukulu timagwira mbuzi, maliro akagwa timagwira mbuzi, njala ya Januwale timagwira ng'ombe, nde munthu wa mu ofesi akamati dikirani kaye amakhala ngati sakudziwa kuti watseka banki ya mudzi wonse, pamodzi ndi mabutchala ndi anyamata a kanyenya omwe. Komabe chinthu chimodzi tivomereze, chiletso amachichotsa pokhapokha papite nthawi osapezeka chiweto chodwala chatsopano, nde aliyense wozembetsa ng'ombe usiku kudzera njira zachidule akakayambitsa matenda mudzi wina, kuwerenga masiku kumayambiranso ndipo tonse timakhalabe otsekeredwa. Mavenda ena amapezeraponso mwayi, amabwera mwakabisira nkumagula pamtengo wozizira podziwa kuti mwapanikizika. Ngati muli ndi nkhuku, nkhanga kapena abakha yambani mwagulitsa zimenezo, ndipo amene ali mu banki mkhonde ino nde nthawi yake.

Katemera alipo?

Alipo, amabwera naye a zaziweto aboma. Koma sakhalitsa m'thupi, pakatha miyezi pafupifupi 6 mphamvu yatha, nde osamati zanga zinabayidwa chaka chatha. Komanso katemera sachiza yomwe yadwala kale. Akaitana pititsani zonse, zobisa zina kuopa kuti aziwerenga zija nzomwe zimatipweteka.

Ndaona ng'ombe yanga ikuchucha dovu, nditani?

Ipatuleni, izimwera payokha, musaipititse kudambo, ndipo uzani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. Anthu asamangolowa m'khola kudzaonerera.

Munthu angatenge?

Sizichitikachitika. Matenda a ana aja otuluka zilonda m'kamwa, m'manja ndi m'mapazi ndi ena, kachilombo kakenso nkosiyana. Mkaka wokha muziwiritsa.

Akatsegula nde ndingonyamula basi?

Ayi, pemiti imafunikabe ngakhale kulibe mliri. Musanakweze ng'ombe mu lole kaonaneni ndi a zaziweto a kwanuko aione kaye nkukulemberani chikalata chosonyeza komwe ikuchokera ndi komwe ikupita, ndipo chikalatacho chiyende ndi dalaivala, chisatsale kunyumba.