Mkangano wa /* */ ndi // m'chilankhulo cha C unachokera kuti?

Olemba mapulogalamu a C akhala akukokanakokana kwa zaka zambiri pa kalembedwe ka ndemanga, mawu aja amene munthu amasiya mkati mwa code kuti owerenga amve cholinga chake, compiler (pulogalamu yomasulira code kuti kompyuta iimve) n'kungowadumpha. Ena salola china koma /* ndi */, ena amati // ndiye yosavuta. Gwero la mkanganowu ndi lakale kuposa C yeniyeniyo.

BCPL, chilankhulo chimene Martin Richards anakonza mu 1967, chinkagwiritsa ntchito //, ndipo chilichonse kuyambira pamenepo mpaka kumapeto kwa mzere chinali ndemanga. Ken Thompson atachichepetsa n'kupanga B ku Bell Labs cha mu 1969, anasiya // n'kutenga /* */ ya PL/I, chilankhulo cha IBM, ndipo Dennis Ritchie anapitiriza nayo mu C. Ku PL/I komweko chizindikirochi chinkasautsa kale: pa OS/360, pulogalamu yoyendetsa makompyuta a IBM a nthawiyo, code inkalowetsedwa pa makhadi obowola, ndipo khadi loyamba ndi /* linkatanthauza kuti deta yathera pomwepo, motero ndemanga sinkayambira pamalo oyamba a mzere.

Amene anabwezeretsa // ndi Bjarne Stroustrup mu C++. Muyezo wa C wa 1989 (C89) sunailandire, inadzalowa mu muyezo wa C99 patapita zaka 10. M'zaka zimenezo ma compiler ambiri ankaivomereza mwa iwo okha pomwe ena ankaikana, choncho code yoyenda bwinobwino kwa wina inkakanika kwa mnzake. Apa m'pamene panabadwira lamulo lakuti "mu C musalembe //", limene ena akulisungabe ngakhale chifukwa chake chinatha kwa ambiri. Mpaka pano compiler yotchedwa GCC mukaipatsa lamulo la -ansi kapena -std=c89 siiona // ngati ndemanga.

Chofunika kudziwa n'chakuti iliyonse imalakwika m'njira yakeyake. Ya /* */ sipisana, kutanthauza kuti simungaike ndemanga mkati mwa inzake. Mukafuna kutseka mizere 20 imene mkati mwake muli kale ndemanga, */ yoyamba imene compiler ikumane nayo ndiyo imatseka zonse, mizere yotsalayo imakhala yamoyo, ndipo */ yanu yakumapeto imatsala yokha n'kubweretsa cholakwika. Chimenecho n'chabwinoko chifukwa chimaonekera. Choopsa n'kuiwala kutseka: compiler imameza mizere yonse mpaka pa */ ya ndemanga yotsatira, pulogalamu n'kumangika bwinobwino koma ikusowa mbali ina. Potseka mizere yambiri, njira yoyenera ndi #if 0 pamwamba ndi #endif pansi, chifukwa zimenezi zimapisana popanda vuto. Zilankhulo zina monga Rust ndi Swift zinangolola kuti ndemanga zipisane.

Nayo // ili ndi msampha wake. Compiler ya C imayamba yalumikiza mzere uliwonse wothera pa \ ndi mzere wotsatira, kenaka n'kuchotsa ndemanga. Ndiye mukalemba // C:\data\ , mzere wapansi pake, ngakhale ukhale wofunika bwanji, umasanduka mbali ya ndemangayo. N'chifukwa chake mkati mwa macro (dzina loimira chidutswa cha code) ya mizere ingapo, momwe mzere uliwonse umathera pa \, // sigwira ntchito ndipo /* */ ndiyo yokha yotheka. GCC imachenjeza za misampha iwiriyi kudzera mu -Wcomment, imene ili kale mkati mwa -Wall, kotero woyatsa machenjezo sadabwitsidwa kawirikawiri.

Palinso kamzere kamene kamasintha tanthauzo malinga ndi muyezo. Lembani x = a //* gawa */ b ndipo ; mumuike pa mzere wotsatira. C89 imawerenga a / b, pomwe C99 imangoona a. Palibe munthu wanzeru amene amalemba chonchi pa ntchito, koma ndi umboni kuti kusinthaku sikunali kwa maonekedwe chabe.

Malamulo a kalembedwe kotetezeka ka C otchedwa MISRA C, amene amatsatidwa kwambiri pa mapulogalamu a m'galimoto, ankalola /* */ yokha m'buku la 2004. La 2012 linalola //, koma linaletsa kulemba /* kapena // mkati mwa ndemanga ina, n'kuletsanso kulumikiza mizere mu ndemanga ya //. Kumeneku kunali kuganiza bwino, chifukwa analetsa chimene chimapweteka m'malo moletsa chizindikiro chonse.

Ku Linux anakangananso za /* yomweyo, ngati izikhala payokha pa mzere woyamba kapena mawu aziyambira pomwepo monga ankachitira a mbali ya netiweki, ndipo mu 2016 Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux, anakalipa kwambiri ndi kalembedwe kachiwirika. Kuyambira 2017 mzere wa SPDX, umene umatchula layisensi ya fayilo, umalembedwa ndi // m'mafayilo a .c, koma m'mafayilo a .h umakhalabe wa /* */, popeza mafayilo amenewa amawerengedwanso ndi zida zina, monga ma assembler akale (mapulogalamu omasulira chilankhulo cha assembly), zimene sizidziwa //.