Lazy Bear Week: mafunso ndi mayankho pa chikondwerero cha "zimbalangondo" ku Guerneville

Chaka ndi chaka, kumapeto kwa Julaye kapena kumayambiriro kwa Ogasiti, katauni ka Guerneville ku California kamadzaza ndi amuna a ndevu. Amachita kubwera kuchokera kutali kudzakhala nawo pa Lazy Bear Week.

Kodi zimbalangondo zake ndi ziti?

Si nyama ayi. Ndi dzina lomwe amuna ena okonda amuna anzawo adadzipatsa okha: amuna a ndevu, a cheya pachifuwa, ambiri mwa iwo ojintcha kapena a mimba yoonekera patali. Wachinyamata amamutcha mwana wa chimbalangondo, ndipo wa cheya koma wochepa thupi amati katumbu. Ali ndi mbendera yawo yomwe Craig Byrnes adakonza mu 1995, ya mizere 7 ya mitundu ya ubweya wa nyamayi, ndi phazi lake pakona.

Zidayamba bwanji kuti azisonkhana paokha?

Gwero lake ndi mzinda wa San Francisco m'zaka za m'ma 1980. M'mabala ndi m'magazini a amuna okonda amuna anzawo, wotamandidwa ankakhala mnyamata wosalala khungu, wa thupi lochita kusula. Munthu wonenepa wa zaka 45 ankalowa n'kutuluka popanda womupatsa moni. Kenaka kudagwa Edzi. Anthu ankaika maliro a anzawo sabata ndi sabata, ndipo kuwonda kudasanduka chizindikiro choopsa. Thupi lalikulu lomwe linkasekedwa lija lidayamba kuoneka mwina.

Mu 1987 Richard Bulger ndi Chris Nelson adayambitsa magazini ya Bear, ndipo mu 1989 bala ya Lone Star Saloon idatsegulidwa n'kukhala pabwalo pawo. Ine chimandikhudza kwambiri n'chakuti anthuwa anali atakanidwa kawiri, kunja ndi pakati pa anzawo omwe, koma sadakhale pansi n'kumalira. Adadzimangira pokhala.

Nanga Lazy Bear adaiyambitsa ndani?

Adaiyambitsa ndi Harry Lit mu 1996, ndipo poyamba inkangochitika kumathero a sabata, n'chifukwa chake inkatchedwa Lazy Bear Weekend. Dzinali limatanthauza chimbalangondo chaulesi, ndipo cholinga chidali chomwecho: kuchoka mumzinda, kukapuma. Guerneville ili m'mbali mwa mtsinje wa Russian River m'boma la Sonoma, pafupifupi makilomita 120 kumpoto kwa San Francisco, pakati pa mitengo italiitali ya redwood. Kale lonse anthu a gululi ankakonda kupitako patchuthi. Masana amakhala m'madamu osambira, mwamuna wa imvi atavula malaya osachita manyazi ndi mimba yake. Usiku amazungulira moto n'kumacheza.

Akuyendetsa ndani masiku ano?

Bungwe losapanga phindu lotchedwa Lazy Bear Fund, lomwe ntchito zake amagwira ndi anthu ongodzipereka. Ndiwo amakambirana ndi eni mahotela ndi mabala, kukonza ndondomeko ya sabata yonse, kuima pakhomo ndi kutolera ndalama. Bungweli lidalembetsedwa pansi pa gawo 501(c)(3) la malamulo a msonkho a dziko la America. Lamuloli limaletsa kuti phindu la bungwe lilowe m'thumba la atsogoleri ake, limalola wopereka thandizo kuchotsera mphatsoyo pa ndalama zomwe amazilipirira msonkho, komanso limafuna kuti mabungwe otere azipereka malipoti a chuma omwe aliyense angathe kuwaona.

Kodi "tag" yomwe amaitchula kawirikawiri n'chiyani?

Ndi kachizindikiro kovala m'khosi komwe wobwera amagula. Ndiko tikiti yake: akakaonetsa pakhomo amalowa m'zochitika za chikondwererochi. Koma kugula tag ndi kupereka chithandizo nthawi yomweyo, chifukwa akachotsa zolipirira chikondwerero, ndalama zotsala zimapita ku mabungwe othandiza anthu, makamaka oyang'anira omwe ali ndi HIV ndi ena ovutika. Apa mpomwe pali mtima wa nkhani yonse. Anthu omwe adataya anzawo ambirimbiri sakadatha kukonza phwando loiwala odwala.

Kodi tag imalipiriranso malo ogona ndi chakudya?

Ayi, zimenezo aliyense amadzionera yekha. Guerneville ndi tauni ya anthu osakwana 5,000, choncho zipinda zimatha msanga ndipo ena amagona m'matenti. Kumbukiraninso kuti ku America mowa sagulitsa kwa munthu wosakwana zaka 21, ndiye pakhomo la bala amafunsa chiphaso.

Kodi chikondwerero chotere n'chokhachi?

Zilipo zina, monga cha ku Provincetown m'chigawo cha Massachusetts mu Julaye ndi cha ku Sitges ku Spain mu Seputembala. Ku San Francisco kudalinso International Bear Rendezvous, yomwe gulu la Bears of San Francisco linkakonza mwezi wa Febuluwale kuyambira 1995, koma idatha mu 2011. Lazy Bear yapirira, ngakhale tauni yake imavutika ndi madzi osefukira, monga zidachitikira mu Febuluwale 2019 pomwe mtsinje udatseka misewu yolowera ku Guerneville. Kwa eni mashopu ndi malo ogona a kumeneko, sabata ya zimbalangondo ndi imodzi mwa nyengo zomwe malonda amayenda kwambiri pachaka.